Adiresi ya IP: kuchoka ku madontho kupita ku nambala imodzi, ndi kubwerera

Mwana akabwera kuchokera kusukulu ndi ntchito ya phunziro la kompyuta, makolo ambiri a kuno ku Silver Spring timangoyang'ana pepalalo n'kunena kuti zimenezi si za ife. Limodzi mwa mafunso amene amabwera kawirikawiri ndi ili: lembani pulogalamu yosintha adiresi 192.168.1.10 kuti ikhale nambala imodzi, kenako muibweze mmene inalili. Funsoli limaoneka loopsa, koma masamu ake ndi omwe aja tinaphunzira kupulayimale: kuchulukitsa, kuphatikiza, ndi kugawa kokhala ndi chotsala. Ife amene timaphunzitsa taona kuti kholo likamvetsa zimenezi limatha kukhala pansi ndi mwana n'kumuthandiza, ndipo limazindikiranso msampha umodzi umene akuba a pa intaneti amatchera anthu akuluakulu.

Mfundo yake ndi imodzi. 192.168.1.10 ndi 3232235786 ndi adiresi yomweyo, yolembedwa m'njira ziwiri. Kompyuta imasunga nambala yaitaliyo, ndipo madontho anaikidwa pofuna kuti maso a munthu asavutike.

Adiresi ya IP n'chiyani

Foni, laputopu kapena TV ikalumikizidwa pa intaneti imapatsidwa nambala yoti uthenga uzidziwa kofikira, monga mmene kalata imafunira nambala ya bokosi la kupositi. Nambala imeneyi ndiyo adiresi ya IP. Mtundu wake wakale, umene ukugwirabe ntchito kwambiri, umatchedwa IPv4, ndipo malamulo ake analembedwa m'chikalata chotchedwa RFC 791 cha mu September 1981, chimene anakonza Jon Postel.

Adiresi ya IPv4 ili ndi mabiti 32. Biti ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka zimene kompyuta imasunga, ndipo kamangokhala 0 kapena 1. Mabiti 32 amapereka manambala osiyanasiyana okwana 4,294,967,296, kuyambira 0 mpaka 4,294,967,295. Munthu sangaloweze nambala ya madijiti khumi mosavuta, choncho mabitiwo amadulidwa m'magawo anayi a mabiti 8. Gawo lililonse limatchedwa baiti, ndipo limasunga nambala yoyambira 0 mpaka 255. Magawo anayiwo akalembedwa motsatizana ndi dontho pakati pake, timapeza adiresi imene tinazolowera kuiona. N'chifukwa chake adiresi monga 192.168.1.300 kulibe: 300 sangakwane m'baiti imodzi.

Mbiri ya zimenezi ili pafupi ndi kuno. Vint Cerf ndi Bob Kahn anafalitsa maganizo awo a mmene makompyuta a m'maneti osiyana angalankhulirane mu 1974, ndipo ntchitoyi inkalipiridwa ndi bungwe la boma la DARPA la ku Arlington, tsidya la mtsinje wa Potomac. Pa 1 January 1983 neti ya ARPANET inayamba kugwiritsa ntchito malamulo atsopanowa. Chinenero cha Python, chimene tigwiritse ntchito m'nkhaniyi, chinatulutsidwa ndi Guido van Rossum mu 1991. Msonkhano woyamba wa ochigwiritsa ntchito unachitikira ku NIST ku Gaithersburg, m'boma lathu lomwe lino la Montgomery, mu November 1994, ndipo kuyambira 1995 iye ankagwira ntchito ku CNRI ku Reston, bungwe limene anayambitsa Kahn yemwe uja.

Kuwerenga m'magulu a 256

Tikamalemba 3,725 timadziwa kuti 3 akuimira masauzande, 7 mahandiredi, 2 makumi, ndipo 5 ndi amodziamodzi. Malo alionse ndi aakulu kakhumi kuposa a kumanja kwake. Koma si zonse zimene timawerenga m'makumi. Masekondi 3,725 ndi ola limodzi, mphindi 2 ndi masekondi 5, chifukwa nthawi imawerengedwa m'magulu a 60. Agogo athu amene ankagula zinthu kwacha isanabwere mu 1971 ankadziwa kuti makobiri 12 ndi shileni imodzi, ndipo mashileni 20 ndi paundi. Amene analemba 1:02:05 ndi amene analemba 3,725 anena nthawi yofanana.

Adiresi ya IP imawerengedwa m'magulu a 256. Gawo lomaliza, la kumanja, ndi la amodziamodzi. Lotsatira kumanzere, chilichonse chimaimira 256. Lachiwiri kuchokera kumanzere, chilichonse chimaimira 256 kuchulukitsa ndi 256, zomwe ndi 65,536. Loyamba, chilichonse chimaimira 16,777,216.

Kuchoka ku madontho kupita ku nambala

Titenge 192.168.1.10, adiresi imene ingakhale ya laputopu ya m'nyumba mwanu:

192 × 16,777,216 = 3,221,225,472
168 × 65,536 = 11,010,048
1 × 256 = 256
10 × 1 = 10

Tikaphatikiza zonse tipeza 3,232,235,786.

Pali njira ina yofupika, imene mapulogalamu amakonda. Yambani ndi gawo loyamba, lichulukitseni ndi 256, phatikizani gawo lachiwiri, chulukitsaninso ndi 256, phatikizani lachitatu, ndipo teroni mpaka magawo athe. Yankho limakhala lomwelo. Mu Python timalemba motere:

```
def ku_nambala(adiresi):
    nambala = 0
    for gawo in adiresi.split("."):
        nambala = nambala * 256 + int(gawo)
    return nambala
```

Mzere wa `split` ukudula adiresiyo paliponse pamene pali dontho. Mawu akuti `int` akusintha zilembo "192" kukhala nambala imene ingachulukitsidwe. Maina monga `nambala` ndi `gawo` tawasankha tokha, ndipo Python imawalandira bwinobwino. Mwana angathe kulemba maina a m'pulogalamu yake m'Chichewa ngati mphunzitsi wake sanalamule zina.

Kubwerera ku madontho

Pobwerera timagawa. Tiyese ndi 3,405,803,801.

3,405,803,801 ÷ 256 = 13,303,921, chotsala 25
13,303,921 ÷ 256 = 51,968, chotsala 113
51,968 ÷ 256 = 203, chotsala 0
203 ÷ 256 = 0, chotsala 203

Zotsalazo ndiwo magawo a adiresi, koma zatuluka chobwerera m'mbuyo. Choyamba kutuluka ndicho chomaliza polemba. Tikaziwerenga kuchokera pansi tipeza 203.0.113.25. Apa ndi pamene ana ambiri amalakwitsa, ndipo kholo limene lachita masamuwa papepala limaona cholakwacho msanga.

```
def ku_madontho(nambala):
    magawo = []
    for _ in range(4):
        nambala, chotsala = divmod(nambala, 256)
        magawo.insert(0, str(chotsala))
    return ".".join(magawo)
```

Mawu akuti `divmod` amapereka zinthu ziwiri nthawi imodzi, yankho la kugawa ndi chotsala chake. Polemba `insert(0, ...)` tikuika chotsala chilichonse kutsogolo kwa zimene zilipo kale, ndipo ndi mmene dongosolo lobwerera m'mbuyo lija likuwongokera. Timabwereza kanayi ndendende, ngakhale nambala itafika pa 0 msanga, kuti nambala yaing'ono monga 5 ituluke 0.0.0.5.

Adiresi ya 203.0.113.25 si ya munthu aliyense. Maadiresi onse oyamba ndi 192.0.2, 198.51.100 ndi 203.0.113 anapatulidwa kuti azigwiritsidwa ntchito m'mabuku ndi m'zitsanzo. Mwana akamalemba ntchito yoti anthu ena aione, agwiritse ntchito amenewa, asalembe adiresi yeniyeni ya panyumba.

Zida zokonzeka kale

Kulemba wekha n'kwabwino pophunzira. Pa ntchito yeniyeni ndi bwino kugwiritsa ntchito zida zimene zinayesedwa kale, chifukwa kapulogalamu kathu ka pamwambapa kamalandira chilichonse. Mukakapatsa 999.1.1.1 kadzakupatsani yankho ngakhale kuti adiresi yoteroyo kulibe. Kuyambira Python 3.3, ya mu 2012, pali chida chotchedwa `ipaddress`:

```
import ipaddress
int(ipaddress.ip_address("192.168.1.10"))
str(ipaddress.ip_address(3232235786))
```

Mzere wachiwiri ukupereka 3232235786, wachitatu ukupereka 192.168.1.10. Mukachipatsa adiresi yolakwika chimakana n'kukuuzani.

Zinenero zina zili ndi zida zake. Mu PHP muli `ip2long` ndi `long2ip`. Mu Perl anthu amagwiritsa ntchito `inet_aton` pamodzi ndi `unpack`, ndipo pobwerera `pack` ndi `inet_ntoa`. Pulogalamu yosungira zinthu ya MySQL ili ndi `INET_ATON` ndi `INET_NTOA`. Maina ndi osiyana koma masamu ake ndi omwe tachita papepala aja.

Phindu lake

Mwana wochenjera amafunsa kuti, ngati adiresi ya madontho ikugwira ntchito, tivutikirenji? Zifukwa zilipo zitatu.

Choyamba ndi kusanja. Kompyuta ikamasanja zilembo imayerekeza chilembo chimodzichimodzi, choncho imaika "192.168.1.10" patsogolo pa "192.168.1.9", chifukwa 1 amabwera 9 asanabwere. Mukazisintha kukhala manambala, 9 amatsogola monga ziyenera kukhalira.

Chachiwiri ndi malo osungira. Adiresi yolembedwa ndi madontho ingatenge zilembo 15, pamene nambala imatenga mabaiti 4 okha. Kwa kampani yosunga mbiri ya anthu mamiliyoni obwera pa webusaiti yake, kusiyanaku n'kwakukulu.

Chachitatu ndicho chimatikhudza ife okhala kunja. Maadiresi amagawidwa m'zigawo zazikulu. Kuno ku America amagawa ndi bungwe la ARIN, lomwe lili kumpoto kwa Virginia. Ku Africa amagawa ndi AFRINIC, lomwe lili ku Mauritius, ndipo makampani a intaneti a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amalandira maadiresi awo kumeneko. Maadiresi oyamba ndi 41, 102, 105 ndi 197 ali m'manja mwa AFRINIC. Chigawo cha 41 chimayambira pa 41.0.0.0 n'kuthera pa 41.255.255.255, kapena kuti pa 687,865,856 mpaka 704,643,071. Pulogalamu yofuna kudziwa ngati adiresi ili m'chigawochi imangofunsa ngati nambala yake ili pakati pa ziwirizi. Mkati mwa chigawo chachikulu muli zigawo zing'onozing'ono za kampani iliyonse, ndipo poyerekeza manambala motere webusaiti imaganizira dziko limene muli. Ndi chifukwa chake filimu imene mumaonera kuno imakana kutseguka mukapita kutchuthi ku Lilongwe kapena ku Chipata, ndiponso chifukwa chake banki imakufunsani mafunso owonjezera mukalowa muakaunti yanu muli kumudzi.

Mu Python funso lotere limalembedwa mwachidule:

```
ipaddress.ip_address("192.168.1.10") in ipaddress.ip_network("192.168.1.0/24")
```

Yankho ndi `True`. Chizindikiro cha /24 chikutanthauza kuti mabiti 24 oyambirira, omwe ndi magawo atatu, sasintha, ndipo gawo lomaliza lokha ndilo limasiyanitsa makina a m'neti imeneyo.

Zolakwika zitatu zofala

Yoyamba ndi nambala yotuluka ndi chizindikiro chochotsera. Wophunzira wathu wina anabwera atakhumudwa chifukwa pulogalamu yake ya JavaScript inkapereka −1,062,731,510 m'malo mwa 3,232,235,786, ndipo anali atakhala usiku wonse akufufuza pamene analakwitsa masamu. Masamu ake anali olondola. Zinenero zina zikamagwira nambala ya mabiti 32 zimatenga biti yoyamba ngati chizindikiro chonena kuti nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Zikatero, adiresi iliyonse yoyambira pa 128.0.0.0, yomwe ndi 2,147,483,648, imatuluka ndi chochotsera. Mukaphatikiza 4,294,967,296 pa nambala yochotserayo mupeza yankho lenileni. Mu JavaScript amakonza poika `>>> 0` kumapeto kwa masamuwo. Mu PHP ya pa makina a mabiti 32 amagwiritsa ntchito `sprintf("%u", ...)`. Mu MySQL malo osungira adiresi ayenera kukhala `INT UNSIGNED`. Python ilibe vutoli chifukwa manambala ake amakula mmene angafunire.

Yachiwiri ndi magawo otembenuzika. Pa neti, baiti yaikulu ndiyo imatsogola. Koma makompyuta ambiri amene tili nawo m'nyumba amasunga nambala m'kati mwake moyamba ndi baiti yaing'ono. Pulogalamu ikasakaniza njira ziwirizi, 192.168.1.10 imasanduka 10.1.168.192. Choopsa chake n'chakuti yotembenuzikayo imaonekanso ngati adiresi yabwinobwino, ndipo palibe chimene chimachenjeza. Poyesa pulogalamu, musagwiritse ntchito adiresi monga 8.8.8.8 imene imawerengeka chimodzimodzi mbali zonse. Sankhani ya magawo anayi osiyana, muisinthe kupita ku nambala, muibweze, ndipo muone ngati yabwerera mmene inalili.

Yachitatu ndi ziro wa kutsogolo. Kwa ife 010 ndi 10. Koma mapulogalamu akale ambiri amatenga nambala yoyamba ndi ziro ngati yowerengedwa m'magulu a 8, ndipo kwa iwo 010 ndi 8. Motero adiresi ya 192.168.1.010 ingatanthauze makina awiri osiyana malinga ndi pulogalamu imene yaiwerenga. Vutoli linali lalikulu moti mu 2021, kuyambira Python 3.9.5, chida cha `ipaddress` chinayamba kukana adiresi iliyonse yokhala ndi ziro kutsogolo kwa gawo.

Chimene kholo liyenera kudziwa

Mabulawuza ambiri amalandira adiresi yolembedwa ngati nambala imodzi. Mukalemba http://3232235777 bulawuza imaisintha yokha kukhala 192.168.1.1, yomwe m'nyumba zambiri ndi adiresi ya rauta ya Wi-Fi. Mungayese ndi mwana wanu, palibe choopsa.

Akuba amadziwa zimenezi. Uthenga ungabwere pa foni kapena pa WhatsApp wonena kuti ndalama zimene munatumiza kumudzi zaimitsidwa, kapena kuti pali vuto ndi mapepala anu a zolowa m'dziko, ndipo mudine linki. Linkiyo m'malo mokhala ndi dzina imakhala ndi nambala yaitali, ndipo munthu amaganiza kuti ndi nambala ya kalata kapena ya akaunti yake. Imakhala adiresi ya kompyuta ya wakubayo, yolembedwa m'njira yoti isaoneke ngati adiresi. Banki, sukulu ya mwana kapena ofesi ya boma imagwiritsa ntchito dzina, ndipo mawebusaiti a boma la America amathera ndi .gov. Linki imene pambuyo pa http:// pali manambala okhaokha, kaya a madontho kaya opanda madontho, musaidine. Tsegulani nokha webusaiti imene mukuidziwa, kapena imbani nambala ya foni imene ili kuseri kwa khadi lanu. Auzeninso achibale a kumudzi amene amalandira ndalama pa foni.

Maadiresi a m'nyumba ndi a kunja

Mukafunsa m'bale wanu wa ku Blantyre adiresi ya laputopu yake, mwina adzakuuzani 192.168.1.10, yofanana ndi yanu. Palibe cholakwika. Mu 1996 chikalata cha RFC 1918 chinapatula zigawo zitatu kuti aliyense azigwiritsa ntchito m'nyumba kapena muofesi mwake: maadiresi oyamba ndi 10, oyambira 172.16 mpaka 172.31, ndi oyamba ndi 192.168. Maadiresi amenewa sayenda pa intaneti ya kunja. Zili ngati manambala a zipinda m'nyumba zogona alendo: nyumba iliyonse ili ndi chipinda 10, ndipo kalata imafika chifukwa cha adiresi ya nyumba yonseyo. Rauta ndiyo imakhala ndi adiresi ya kunja, ndipo imagawira uthenga kwa foni kapena laputopu imene inaufunsa.

Njira imeneyi inathandiza kuti maadiresi asathe msanga, komabe anatha. Mabiliyoni anayi ndi ochepa poyerekeza ndi anthu a padziko ndi mafoni awo. Bungwe la IANA, limene limagawira mabungwe a m'zigawo, linapereka zigawo zake zomaliza pa 3 February 2011, ndipo nkhokwe ya ARIN inauma mu September 2015.

IPv6

Mtundu watsopano wa adiresi, IPv6, uli ndi mabiti 128. Umalembedwa m'magawo asanu ndi atatu olekanitsidwa ndi madontho awiri oimirira, ndipo manambala ake amawerengedwa m'magulu a 16, pogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi zilembo a mpaka f. Chitsanzo ndi 2001:db8::1, pamene zizindikiro ziwiri zotsatizanazo zikuimira magawo a ziro amene sanalembedwe. Mukayang'ana m'foni yanu mwina mupeza kuti ili ndi maadiresi a mitundu yonse iwiri.

Nayonso ndi nambala imodzi, yomwe ingafike madijiti 39, ndipo gawo lililonse ndi lalikulu ka 65,536 kuposa la kumanja kwake. Chida cha `ipaddress` chimaisintha ndi mizere yomwe ija talemba pamwambapa. `ip2long` ya PHP ndi `INET_ATON` ya MySQL zimagwira IPv4 yokha, choncho wolemba pulogalamu lero ayenera kusankha chida chodziwa mitundu yonse iwiri.

Kuyesa kunyumba

Python ndi yaulere ndipo imapezeka pa python.org. Banja limene lilibe laputopu lingapite ku laibulale ya Silver Spring, pamphambano ya Wayne Avenue ndi Fenton Street, kumene kuli makompyuta a aliyense. Ana amene akufuna kupitiriza ndi maphunzirowa adzakumana ndi maadiresi a IP m'phunziro la AP Computer Science Principles, ndipo sukulu ya Montgomery Blair kuno imadziwika ndi maphunziro ake apadera a sayansi, masamu ndi kompyuta.

Timalangiza kuti muyambe ndi pepala ndi pensulo. Kholo lisinthe 10.0.0.1 kukhala nambala, mwana asinthe ndi pulogalamu, kenako muyerekeze. Yankho ndi 167,772,161. Mukatero sinthanani: mwana atenge 2,130,706,433 agawe ndi 256 kanayi papepala, kholo lilembe nambalayo mu Python. Nonse muyenera kupeza 127.0.0.1, adiresi imene kompyuta iliyonse imagwiritsa ntchito ikamadzitumizira uthenga yokha.